MASIKU AWIRI M'MUNDA WA MAKOLO

Nkhani ino iri ya anthu a pa migodi ndi a m'matauni amene makolo ao ali ndi minda m'boma la Chongwe, m'dziko la Asoli, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. Kucokera pakati pa Lusaka kukafika ku Chongwe pali makilomita ngati 45 potsata mseu wa Great East, kotero kuti munthu akakwera minibasi m'mamawa afika dzuwa lisanatenthe. Wa ku Kitwe, ku Chingola kapena ku Mufulira ali ndi ulendo wautali ndithu, koma akanyamuka Lacisanu nagona kwa abale m'Lusaka, Loweruka m'mawa nayenso akhoza kuima m'munda wa amai ace. Cozizwitsa ncakuti amene akhala pafupi ndiwo azengereza koposa. Wa ku Mtendere kapena ku Kalingalinga anena kuti, "Kumudzi si kutali, ndidzapita mlungu wa mawa," ndipo milungu ingopita kufikira cimanga catha kukololedwa ndi anthu ena, kapena ndi ciswe.

Caka ca munda kwa Asoli ciyamba mu October, pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Yaikuru, a Nkomeshya Mukamambo II, apempha mvula nabzala mbeu zoyamba. Tsiku limenelo anthu a m'tauni adza ambirimbiri atabvala bwino, magalimoto ali ndandanda, ndipo nkwabwino kutero. Koma caka comweco citha m'miyezi ya May ndi June, ndipo pa kutha kwace palibe ng'oma, palibenso mipando ya alendo. Pali nkhalamba ziwiri, adzukulu amene aweruka ku sukulu dzuwa litapendeka, ndi munda wouma umene ungolira mphepo ikaomba.

CIMANGA COUMA SICILINDA MUNTHU

Ena ayesa kuti popeza mvula yaleka, cimanga cikhoza kukhala m'munda kufikira mwini wace atapeza mpata. Cangu ca kubzala ndi ca kupalira acidziwa aliyense, pakuti udzu uoneka ndi maso. Cangu ca kukolola sicioneka, cifukwa adani a cimanga couma agwira nchito yao mwakacetecete. Ciswe cidya phesi kunsi, phesi ligwa, ndipo cimanga cikakhudza dothi masiku owerengeka cisanduka makoko okhaokha. Makoswe ndi mbewa zituta usiku. Anankafumbwe salinda kuti cimanga cifike m'nkhokwe. Alowa cikali m'munda, makamaka m'mbeu zina za makono zimene makoko ace safika bwino kunsonga. Anansi akatha kukolola amasula ng'ombe ndi mbuzi zao kuti zikadye mapesi, ndipo ng'ombe sidziwa malire a munda. Pamwamba pa izi pali moto wa anyamata osaka mbewa, umene pa ora limodzi ukhoza kutha nchito ya miyezi 6.

Kukula kwa nchitoyi kumveka bwino munthu akawerenga. Alimi a m'Zambia ayesa munda ndi muyeso wa lima, ndiye malo a mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi. Malima 4 apanga hekitala imodzi. Ngati mizere inatalikirana masentimita 90, ndi mapando masentimita 25, lima imodzi iri ndi mapesi oposa 11,000. Phesi liri lonse liyenera kudulidwa, kuimikidwa pa mkukwe, cimanga cace kusendedwa, kuponyedwa pa mulu, kunyamulidwa kupita kumudzi, kusankhidwa ndi kutonoledwa. Mai wa zaka 65 amene ali ndi malima 3 ayenera kugwira ndi manja ace zimanga zoposa 30,000, ndipo ciri conse kangapo. Mwana wace amene adya nsima ya cimanga cimeneci ku Kitwe acita bwino kuganizira ciwerengero cimeneci asananene kuti ulendo wa kumudzi uli wa mtengo wapatali.

Kale nchito yotere inali ya dima. Mwini munda analikufulula mowa kapena munkoyo, anansi nasonkhana, natha munda wonse tsiku limodzi, mawa lace napita kwa wina. Msonkho wa nthawi ya Atsamunda unayamba kucotsa amuna m'midzi kupita ku migodi ndi ku mafamu a Azungu, ndipo Audrey Richards, mai wa ku England amene anakhala pakati pa Abemba, analemba m'buku lace la 1939 za mabvuto a cakudya m'midzi imene amuna ace ambiri anali ku nchito kutali. Ku Chongwe nkhani yomweyi yadzizunguliranso mwa mtundu wina. M'caka ca 1988 boma linatsegula malo a Kanakantapa kuti anyamata osowa nchito m'matauni akalime. Amene analandira malo nthawi imeneyo lero ali ndi imvi, ndipo ana ao ambiri abwerera ku tauni komweko kumene atate ao anacokera.

Alipo amene anena kuti, "Ndatumiza ndalama pa foni, amai alembe aganyu." Ndalamazo nzofunika ndithu, ndipo palibe mai amene azikana. Koma m'mwezi wa May munthu aliyense wamphamvu ali m'munda wace, aganyu asowa, ndipo amene apezeka acita cangu kuti atsirize mizere yao alandire malipiro. Cimanga cogwa pansi sacitola, cobvunda sacipatula, pakuti iwo sadzadyako. Maso a mwini ndiwo sagulidwa ndi ndalama.

ALENDO AWIRI

Loweruka m'mawa pa mudzi pafika alendo a mitundu iwiri. Woyamba atsika pa basi atabvala suti ndi nsapato zonyezimira, mkate ndi shuga ziri m'manja. Amai ace amyalira mphasa pa mthunzi, atuma mwana kukagwira nkhuku, atereka madzi osamba. Abale adza kudzapereka moni mmodzimmodzi, ndipo iye asimba za mitengo ya zinthu ku tauni, foni iri m'dzanja. Pofika madzulo anthu anai amene akadakhala m'munda ataya tsiku lonse pakumsamalira. Lamlungu akwera basi ndi thumba la cimanga ndi dengu la mbatata, ndipo akafika ku komboni auza anzace kuti anapita kukathandiza makolo kukolola. Mlendo wotere ali wolemetsa koposa ciswe, pakuti ciswe sicidya nkhuku.

Waciwiri adza ndi ovolosi yakale ndi majombo m'cikwama. Agwada napereka moni monga mwa mwambo, pakuti ulemu sucedwetsa nchito.

"Mwafika, atate? Khalani pansi mupumule, mwatopa ndi ulendo."

"Iai amai, nkhuku ikhale ya madzulo. Ndipatseni cikwanje, ndipo mundiuze mbali imene ciswe calowa."

Funso limenelo liri ndi nzeru. Munthu wa m'tauni, ngakhale akhale kapitao wa anthu 50 pansi pa mgodi, m'munda uwu ali wolamulidwa. Amene anabzala ndiye adziwa cimene cinayamba kukhwima, cimene cikali ndi madzi, ndi mizere imene anapatula kuti ikhale ya mbeu. Mkamwini makamaka ayenera kukumbukira ici m'munda wa apongozi ace: afunse kupyolera mwa mkazi wace kapena mwa alamu, nagwire nchito imene apatsidwa popanda kuphunzitsa eni ace.

Zobvala zija si za kunyada. Masamba ouma a cimanga aceka khungu, cisoso cimamatira pa nsalu, citedze ciyabwa koopsa, ndipo njoka zikonda kubisala m'mikukwe imene yakhalitsa. Mkukwe uyenera kugwedezedwa ndi ndodo munthu asanapisemo dzanja. Ana obadwira m'tauni auzidwe zimenezi, koma asaletsedwe kulowa m'munda. Kutola cimanga cogwa ndi kuthamangitsa mbuzi ndi nchito yowayenera, ndipo nkwabwino kuti adziwe kuti ufa suyambira m'sitolo.

Tsiku loyamba likhale la nchito yolemera imene nkhalamba sizikhoza: kudula mapesi, kusenda makoko ndi msomali wonola kapena kamtengo kosongoka, ndi kututa. Kututa ndiko kupha amai ambiri msana, pakuti dengu lodzala pa mutu, kasanu kapena kakhumi pa tsiku, pa njira ya makilomita awiri, si masewera. Apa ndipo ndalama za mwana wa ku migodi zigwira nchito yeniyeni. Ngolo ya ng'ombe yobwereka tsiku limodzi ituta cimene mai angatute mlungu wathunthu, koma ifuna amuna okweza ndi kutsitsa, ndipo mwini ngolo ayenera kuuzidwa kukali nthawi, cifukwa pa masika aliyense aifuna.

NCHITO YA PA BWALO

Cimanga cikafika pa mudzi ambiri ayesa kuti nchito yatha, namwa munkoyo. Koma cakudya cambiri cionongeka pano, pakati pa ngolo ndi nkhokwe.

Coyamba ndi kusankha. Cimanga cimene cinagona pansi, cobooledwa ndi mbozi, ndi ca maonekedwe obiriwira kapena akuda cipatulidwe. Nguwi imene imera pa cimanga ndi nshawa zosauma bwino, imene ena aicha cuku, ibala poizoni wochedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu alibe pfungo, satha pakuphika, aononga ciwindi, ndipo apinimbiritsa ana. M'mwezi wa August 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno atadya cakudya copangidwa ndi cimanga cokhala ndi poizoni ameneyu, ndi kuti anapezekanso mu ufa wa zigayo zina. Mwambo wa kusunga cimanga cobvunda kuti cikhale ca mowa kapena ca nkhuku uli woopsa, pakuti poizoniyo abwerera kwa munthu pa njira ina. Nkobvuta kuuza mai amene anaona njala kuti ataye cimanga, ndipo mau otere afuna kufatsa. Koma mwana amene adziwa ici nakhala cete sanacite ulemu.

Caciwiri ndi kuyanika. Cimanga cisayanikidwe pa dothi, koma pa thandala, pa mphasa kapena pa tenti. Makolo ayesa kuuma kwace pakuluma: couma cithetheka pa mano, caciwisi ciphwanyika mofewa. Iripo njira inanso yosalira ndalama. Munthu atenge botolo louma, athiremo cimanga ndi mcere wouma, atseke nakhucumule kwa kanthawi. Mcere ukamamatira m'mbali mwa botolo, cimanga cikali ndi madzi ndipo cibwerere pa dzuwa. A Food Reserve Agency, amene agula cimanga ca boma, salandira cimanga cimene madzi ace apitirira maperesenti 12.5, ndipo cimene sicikwanira pa depoti sicikwaniranso m'thumba la pa nyumba.

Cacitatu ndi kasungidwe, ndipo apa zinthu zasintha kusiyana ndi masiku a ambuya. Kale cimanga cinalikulowa m'nkhokwe ndi makoko ace, nicikhala kufikira mvula ina. Koma kuli kacirombo kena, nankafumbwe wamkuru, kamene kwao ndi ku Central America. Kanaoneka ku Tanzania ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nikalowa m'Zambia m'zaka za m'ma 1990. Kameneka kakonda cimanga cosatonola, kacisandutsa ufa, ndipo kaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe nikabisala momwemo kulinda cimanga catsopano. Ncifukwa cace alangizi a zaulimi alimbikitsa kutonola cimanga ndi kucisunga m'matumba. Kutonola ndi manja ndi nchito ya madzulo, banja lonse litakhala pamodzi, ndipo nkhani za pa mudzi zimveka bwino nthawi imeneyo. Kumenya cimanga ndi ndodo m'thumba kufulumira, koma kuswa maso ace, ndipo maso osweka ndiwo khomo la anankafumbwe ndi cuku.

Pa za mankhwala munthu wa pa mgodi ali ndi cidziwitso cimene abale ace alibe. Iye adziwa kuti mpweya woipa suoneka, ndi kuti malamulo olembedwa pa cikwangwani sanalembedwe cabe. Mankhwala a ufa othira m'cimanga ali ndi muyeso wace wolembedwa pa botolo, ndipo iye ndiye ayenera kuwerenga ndi kuyesa, osangothira ndi dzanja. Koma alipo mapiritsi ena ogulitsidwa m'misika, amene akakhudza mpweya atulutsa gasi wochedwa phosphine. Mapiritsi amenewa anapangidwira mosungira mbeu mwamukuru ndi anthu ophunzitsidwa. Kuwaika m'matumba amene ali m'nyumba yogona anthu ndiko kuika imfa pambali pa mphasa ya ana. Munthu amene sangalowe m'mgodi mutangophulitsidwa miyala asalole amai ace kugona m'cipinda cotere.

Masiku ano alipo matumba osalowa mpweya, monga aja ochedwa PICS, okhala ndi mapulastiki awiri m'kati ndi thumba loluka kunja. Cimanga couma cikamangidwamo bwino, tizirombo timene tiri m'kati titha mpweya wonse nitifa tokha popanda mankhwala. Mtengo wace uposa wa thumba wamba, koma ligwira nchito zaka zingapo ngati silinabooke. Mphatso yotere iposa mkate ndi shuga. Matumba a mtundu uli wonse asanjikidwe pa mitengo, osakhudza pansi kapena khoma. Kumene banja likali ndi nkhokwe, isesedwe, zotsala za caka catha zitenthedwe, denga likonzedwe, ndipo pa miyendo yace pakhomedwe malata oletsa makoswe kukwera. Iyi ndi nchito ya maora awiri kwa munthu wozolowera nyundo, ndipo ikhoza kucitika Lamlungu anthu atabwerako ku chalichi.

Mapesi otsala m'munda asatenthedwe. A ku Kasisi Agricultural Training Centre, sukulu ya ulimi imene ansembe a Jesuit anayambitsa m'boma lomweli m'caka ca 1974, aphunzitsa kwa zaka zambiri kuti mapesi ogonekedwa pansi asunga cinyontho nabwezera nthaka mphamvu. Mlendo wofuna kusiya munda woyera kuti nchito yace ioneke aleke macesi m'thumba.

KUGAWA

Patsala nkhani imene mabanja ambiri aiopa kuikamba poyera, ndiyo ya matumba amene akwera basi. Palibe coipa kuti mwana atengeko cimanga ca kwao. Iye anatumiza ndalama za feteleza, ndipo makolo akondwera poona adzukulu ao akudya za m'munda wao. Coipa ndi kutenga usanawerenge. Mai wa kumudzi sanena kuti "sicikwanira." Apatsa mwana woyamba matumba awiri, waciwiri awiri, wa ku Solwezi amtumizira atatu, ndipo njala idzampeza yekha mu January ndi February, pamene ana onse alikudandaula za ndalama za sukulu. Kuwerenga kwace nkosabvuta: matumba angati atha pa mwezi pa khomo limeneli, ndipo miyezi ingati kufikira cimanga caciwisi ca mu March? Amenewo apatulidwe poyamba, pamodzi ndi ena a maliro ndi alendo. Otsala ndiwo a kugawa ndi a kugulitsa.

Caka ca 2024 cinaphunzitsa ambiri. Mvula inaleka pakati pa dzinja, ndipo pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cimeneco ndi ngozi ya dziko lonse. Cigawo ca Lusaka, m'mene muli Chongwe, cinali pakati pa zigawo zokhudzidwa. Dziko lonse linakolola cimanga ca matani ngati 1.5 miliyoni, pamene caka ca 1 m'mbuyo mwace linakolola oposa 3 miliyoni. Matumba amene kale analikucokera kumudzi kupita ku tauni anatembenuka njira, ndipo wa pa mgodi anagula ufa wa makomo awiri ndi malipiro amodzi. Banja limene linasunga bwino cimanga ca 2023 linapuma miyezi ingapo anzace alikubvutika. M'caka ca 2025 mvula inabwerera ndipo dziko linakolola matani oposa 3.6 miliyoni, koma caka ca zocuruka ndico cimene anthu ataya cimanga cambiri, popeza manja ndi matumba sizikwanira.

Pa kugulitsa, ogula oyendayenda afika m'midzi cimanga cisanaume nkomwe, ndalama ziri m'manja, ndipo mlimi amene ali ndi ngongole kapena wodwala pa khomo agulitsa pa mtengo uli wonse. A Food Reserve Agency anagula thumba la makilogalamu 50 pa K330 m'caka ca 2024 ndi pa K340 m'caka ca 2025, koma atsegula madepoti ao cimanga citauma, ndipo malipiro nthawi zina acedwa. Pakati pa mitengo iwiriyi mwana wolandira malipiro a pa mwezi akhoza kuthandiza koposa: akapatsa makolo ndalama zokwanira milungu ingapo, iwo sadzakakamizidwa kugulitsa msanga. Ndipo ngati agulitsa iye alipo, aime pa sikelo nawerenge yekha. Kuyesa cimanga ndi cidebe cophwanyika m'mbali, kapena ndi thumba lodzazidwa mopitirira muyeso, kwadyera alimi ambiri.

Masiku awiri satha munda wonse, ndipo kumene abale ali ambiri nkwanzeru kupangana kuti asadze onse Loweruka limodzi, koma wina mlungu uno, wina mlungu wa mawa. Tsiku la Africa Freedom, pa 25 May, lipezeka pakati peni peni pa kukolola. Masiku a Heroes ndi Unity, ndiwo Lolemba loyamba la July ndi Laciwiri lotsatira, akaphatikizidwa ndi Loweruka ndi Lamlungu apatsa munthu masiku 4, ndipo nthawi imeneyo iyenera nchito ya kutonola, kuthira m'matumba ndi kupita ku depoti. Wa pa mgodi amene agwira mashifiti apemphe chuthi cace mu April, anzace asanamtsogolere, nauze amai tsiku lace kuti cimanga cidzakhale citaimikidwa kale pa mikukwe ndi ngolo itapanganidwa.